Aphungu athu anafunsapo za ndalama, koma za magazi sanafunsepo

Masiku apitawa tinagona pa maliro ku Chawama mu Lusaka, amuna titazungulira mbaula panja, amayi akuimba m'nyumba. Nkhani inayamba ndi matenda a malemu, inadutsa pa mtengo wa unga, ndipo pofika pakati pa usiku inali itakhazikika pa ndale. Mnyamata wina anatulutsa foni n'kutikumbutsa kuti ku Brazil, Jair Bolsonaro, yemwe anali pulezidenti, khoti linamugamula zaka 27 ndi miyezi itatu chifukwa chofuna kulanda boma atagonja pa chisankho, pamene ku America Donald Trump, yemwe aphungu anamufufuza kwa chaka ndi theka pa chipolowe chomwe otsatira ake anachita ku Nyumba ya Malamulo ya dzikolo pa 6 Januwale 2021, anabwerera pampando n'kukhululukira anthu ake. Mkangano unabuka pomwepo. Ena ankati nafenso kuno tiyenera kufufuza atsogoleri opuma pa ziwawa za ndale, ena ankati zimenezo n'kutokosa chilonda chomwe chayamba kupola. Amalume anga, omwe anaona maboma onse kuyambira la UNIP ya Kenneth Kaunda, anandigwira pabondo nati, "Mphwanga, munthu akatula udindo mumusiye apume. Mukayamba kusaka opuma, amene ali pampando sadzafuna kuchokapo."

Ndimawalemekeza amalumewo, koma pa nkhaniyi sitigwirizana. Maganizo anga ndi akuti Nyumba ya Malamulo ili ndi udindo wofufuza poyera, pamaso pa anthu onse, mbali imene mtsogoleri wopuma aliyense anatengapo pa ziwawa za ndale za m'nthawi yake, ndipo kuti ntchitoyi ikhale ya lamulo lokhazikika, yosadikira kuti amene ali ku State House wakwiya kapena ayi. Chondichititsa kunena choncho ndi mbiri yathu yomwe. Aphungu a dziko lino la Zambia anachotsapo kawiri chitetezo choti pulezidenti wopuma asaimbidwe mlandu: cha Frederick Chiluba mu Julayi 2002, ndi cha Rupiah Banda mu Malichi 2013. Maulendo onse awiri nkhani inali ya ndalama ndi kugwiritsa ntchito udindo molakwika. Palibe tsiku limene aphungu anakhala pansi ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill n'kufunsa mtsogoleri wopuma kuti, bwana, pamene anyamata a chipani chanu ankayenda ndi zikwanje m'misika, inu munadziwa chiyani, ndipo munalamula chiyani?

Zoti zifunsidwe zilipo, ndipo si za chipani chimodzi. Mu Julayi 2016, mtsikana wotsatira UPND, chipani chomwe chinali chotsutsa boma nthawiyo, anawomberedwa n'kufa apolisi atalimbana ndi anthu omwe msonkhano wawo unaletsedwa konkuno ku Chawama, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la ECZ linaimitsa kampeni mu Lusaka ndi ku Namwala kwa masiku khumi. Pa 23 Disembala 2020 anthu awiri, mmodzi loya wa boma yemwe sanali n'komwe pa chionetsero, anaphedwa ndi zipolopolo pafupi ndi likulu la apolisi, tsiku lomwe Hakainde Hichilema, mtsogoleri wa UPND, anaitanidwa kukafunsidwa. Kumapeto kwa Julayi 2021 amuna awiri otsatira PF, chipani chomwe chinkalamula nthawiyo, anaphedwa ku Kanyama, zomwe zinachititsa kuti boma litulutse asilikali m'misewu chisankho chisanachitike, ndipo pa tsiku lenileni lovota, pa 12 Ogasiti, wapampando wa PF m'chigawo cha North-Western anaphedwa ku Solwezi. Maliro amenewa anagwera mabanja a mbali zonse ziwiri. Amene akuwerenga izi n'kumaganiza kuti ndikusaka munthu mmodzi, abwerere n'kuwerenganso mndandandawo.

Mfundo yolemera kwambiri ya otsutsa ndi ija ya amalume, yakuti kufufuza kotere kumasanduka kubwezera. Sindingaipepule, chifukwa ili ndi umboni. Kenneth Kaunda anamangidwa pa tsiku la Khrisimasi mu 1997 pomuganizira kuti anali ndi dzanja pamene asilikali ena anayesa kulanda boma mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo mlanduwo unangofera m'njira mu 1998. Chiluba anakhala zaka akukwera ndi kutsika masitepe a khoti mpaka anapezeka wosalakwa mu Ogasiti 2009, ngakhale kuti khoti la ku London linali litamupeza ndi mlandu wa ndalama mu 2007. Rupiah Banda nayenso khoti linamumasula mu 2015. Munthu woona zonsezi sangalakwe kunena kuti kuno mpando ukasintha, wochokapo amasanduka nyama. Komabe tiyeni tione chomwe chinali chofanana pa milandu yonseyi: yonse inayambira kwa amene anali pampando. Ndipo malamulo a dziko omwe tinasintha mu 2016 anakhomerera zomwezo, chifukwa Gawo 98 likuti kuti chitetezo cha pulezidenti wopuma chichotsedwe, pulezidenti wolamula ndiye ayenera kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, kenako aphungu apange komiti, ndipo pamapeto magawo awiri mwa atatu a aphungu avomereze. Kiyi wa chitseko ali m'thumba mwa munthu mmodzi. Akakhala pa udani ndi amene anamusiyira mpando, amatsegula. Akakhala pa ubwenzi, kapena akaona kuti mawa zingamugwere yekha, amakhoma. Kubwezera kumene amalume akuopa kumabadwira pomwepo. Mankhwala ake ndi kuchotsa kiyi m'thumba limenelo n'kuika lamulo lakuti chisankho chilichonse chomwe pafa munthu, komiti ya aphungu ikhale pansi, kaya wapambana ndani.

Ena amati ntchito imeneyi ndi ya apolisi ndi makhoti, aphungu asalowerere. Pamwamba zikumveka bwino, koma khoti limafunsa funso lopapatiza: kodi munthu uyu, pa tsiku lakuti, anachita chakuti? Limagwira mnyamata amene anatema mnzake ndi chikwanje, kapena wapolisi amene anawomba mfuti, basi. Silifunsa kuti basi yomwe inanyamula anyamatawo kuchoka ku komboni analipira ndani, mowa anagula ndani, chifukwa chiyani apolisi anafika zonse zitatha, ndiponso chifukwa chiyani chilolezo cha msonkhano chimatuluka msanga kwa chipani cholamula pamene otsutsa amauzidwa kuti apolisi ndi ochepa, pansi pa lamulo la misonkhano la Public Order Act lomwe atsamunda anatisiyira mu 1955. Mafunso amenewa ndi a kayendetsedwe ka dziko, ndipo amene amavomereza bajeti ya apolisi ndi kulemba malamulo ndi aphungu. Mphamvu yoitana mboni ali nayo kale. Aliyense amene anaonerapo pa Parliament TV mlembi wamkulu wa unduna akutuluka thukuta pamaso pa komiti ya zachuma chifukwa cha malisiti osowa, akudziwa kuti aphungu athu akafuna, amadziwa kufunsa. Ngati angaitane munthu pa mafuta a galimoto ya boma, n'chiyani chingawaletse kumuitana pa mtembo?

Pamenepa wina adzandikumbutsa kuti tinali nayo kale komishoni. N'zoona. Chitatha chisankho cha 2016, pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, anakhazikitsa komishoni yofufuza za kavotedwe ndi ziwawa za pa chisankho, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Munalula Lisimba. Inazungulira zigawo, anthu anapereka umboni, lipoti linatuluka mu 2019. Patangopita zaka ziwiri tinaikanso maliro ku Kanyama. Vuto la komishoni yotere silili mwa anthu omwe amakhalamo, omwe nthawi zambiri amakhala olemekezeka. Vuto ndi lakuti pulezidenti ndiye amaisankha, ndiye amailembera zoti ifufuze, ndipo lipoti limabwerera kwa iye kuti aone tsiku lolitulutsa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Komiti ya aphungu ili ndi zofooka zake, koma m'katimo mumakhala anthu a zipani zotsutsana omwe sangagwirizane kubisa chinthu chimodzi, ndipo lipoti lake limakambidwa m'Nyumba, pa wailesi, aliyense akumva.

Tsono pali mfundo ina yomwe ndimaimva kawirikawiri m'minibasi: "Kodi mdala uja anamuonapo ndani atanyamula chikwanje?" Palibe anamuona, ndipo palibe adzamuone mtsogoleri aliyense. Atsogoleri satema anthu ndi manja awo. Ndiloleni ndifotokoze zomwe ndinaona ndi maso. Mlamu wanga ankagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wina mu tauni muno. M'mawa uliwonse kusanatenthe, ankabwera anyamata atatu ovala malaya a chipani, mmodzi atanyamula kabuku ka ana a sukulu momwe ankachonga mayina. Ndalama yomwe ankatolera sinkapita ku khonsolo. Tsiku lina malonda atavuta, mlamu anapempha kuti alipire mawa. Sanamumenye. Mmodzi wa iwo anangoponda mwendo wa thebulo, tomato yense n'kugubuduka m'matope, kenako anamufunsa modekha ngati akufunabe malowo. Wapolisi anali chapafupi, akuyang'ana kumbali. Madzulo mlamu anandiuza kuti, "Alamu, musapite kukadandaula, mungandipalamulire." Tsopano funso ndi ili: wapolisi uja anayang'ana kumbali chifukwa chiyani? Ankadziwa kuti akagwira mnyamatayo, telefoni ilira kuchokera kumwamba ndipo iye ndi amene asamutsidwe. Telefoni imeneyo ndiyo iyenera kufufuzidwa. Kumudzi mbuzi ikadya chimanga cha mnzako, kwa amfumu kumapita mwini mbuzi, ndipo sanganene kuti sindinadye ndine. Chinanso chomwe tonse tinaona n'chakuti boma litasintha mu Ogasiti 2021 ndipo mtsogoleri watsopano, Hichilema, atalankhula motsutsa makada, anyamata a zipani otere, m'misika ndi m'masiteshoni a basi, anyamata aja anazimiririka m'masiku owerengeka, ngakhale kuti madandaulo a makada a mbali inayo sanathere pomwepo. Ngati mawu a munthu mmodzi angachotse makada, ndiye kuti kukhala chete kwa munthu mmodzi kungawasungenso. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nanga za ku America zija, zomwe mnyamata wa foni ankatiwerengera? Otsutsa amati onani, aphungu anatha miyezi 18, anafunsa mboni zoposa 1,000, analemba lipoti la masamba 845, mu Disembala 2022 anapempha kuti Trump aimbidwe milandu inayi, koma mapeto ake munthuyo anapambana chisankho cha 2024, mlandu wake unathetsedwa, ndipo pa 20 Januwale 2025 anakhululukira anthu pafupifupi 1,500 omwe anakhudzidwa ndi chipolowecho. Liz Cheney, phungu wa chipani cha Trump yemwe anali wachiwiri kwa wapampando wa komitiyo, anataya mpando wake. Phindu lili pati? Yankho langa lili pawiri. Poyamba, komiti ija inatulutsa zinthu zomwe popanda iyo zikanakwiriridwa. Anthu a Trump yemwe, kuphatikizapo Bill Barr yemwe anali mkulu wa zamalamulo m'boma lake, ananena pa kamera kuti anamuuza kuti nkhani yoti mavoti anabedwa inalibe umboni. Dziko linadziwa kuti kwa mphindi 187, apolisi akumenyedwa ku Capitol, komwe ndi Nyumba ya Malamulo, pulezidenti sanauze anthu ake kuti abwerere kwawo. Wovota wa ku America anasankha Trump akudziwa zonsezi, ndipo umenewo ndi ufulu wake, koma sangadzanene kuti sanauzidwe. Ife kuno timavota tili ndi mphekesera zokha za pa WhatsApp.

Kachiwiri, ndipo apa ndi pomwe tingaphunzirepo kwambiri, komiti ija inabadwa yopunduka. Maganizo oyamba anali oti pakhale komishoni yoima payokha ya zipani zonse ziwiri, koma aphungu a Republican ku Senate anaitchinga mu Meyi 2021. Kenako Sipikala Nancy Pelosi anakana mayina awiri mwa omwe otsutsa anapereka, otsutsawo n'kuchotsa anthu awo onse, komiti n'kutsala ndi a Democrat asanu ndi awiri ndi a Republican awiri osankhidwa ndi Pelosi yemweyo. Kuyambira tsiku limenelo theka la dziko linatseka makutu. Umboni unali wolimba, koma bwalo linaoneka la mbali imodzi. Choncho ndikamati aphungu athu afufuze, sindikunena kuti chipani chokhala ndi aphungu ambiri chidzaze komiti ndi anthu ake n'kuyamba kuimba nyimbo. Mipando igawidwe mofanana, chipani chilichonse chisankhe chokha anthu ake ngakhale atakhala aukali pakamwa, wapampando achokere kumbali yomwe sikulamula, wofufuzidwa abwere ndi loya wake n'kufunsanso mboni, ndipo amene sakugwirizana ndi lipoti alembe lawo lisindikizidwe limodzi. Ku Brazil komiti ya aphungu yomwe inafufuza chipolowe cha pa 8 Januwale 2023 ku Brasília inali ndi otsatira Bolsonaro m'kati, ankakangana poyera, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inavomereza lipoti lopempha kuti aimbidwe mlandu. Amene anamugamula mu Sepitembala 2025 ndi khoti lalikulu, potengera kafukufuku wa apolisi. Aphungu sanamange munthu, ndipo sindikufuna kuti athu amange munthu.

Mfundo yovuta kuiyankha pa maliro, chifukwa imakhudza mwambo, ndi yakuti akufa sayankha. Edgar Lungu anamwalira ku Pretoria pa 5 Juni 2025, Rupiah Banda mu 2022, Kaunda mu 2021. Pafupifupi onse omwe akanafunsidwa anapita. Kodi si mwano kukumba za munthu amene sangadziteteze? Ndikuvomera kuti sichingakhale chilungamo kugamula munthu yemwe kulibe, ndipo komiti yoona siyenera kuyesa n'komwe. Koma taonani kuti kuchedwa kwathu ndi komwe kunawamana mwayi woyankha. Lero otsutsa Lungu amamunenera chilichonse, omukonda amakana chilichonse, ndipo palibe pepala lovomerezeka lomwe mbali iliyonse ingaloze. Kufufuza kumathanso kuyeretsa dzina la munthu. Komanso akuluakulu a apolisi, nduna, alembi a zipani ndi makada eni ake akadali moyo, ena akuyendetsa mabizinesi konkuno. Abale athu a ku Malawi anadutsamo. Mu Meyi 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, anafera ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Patapita zaka 11, komishoni ya 1994 inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Kamuzu Banda anaimbidwa mlandu ndipo khoti linamupeza wosalakwa mu Disembala 1995. Wina angati ntchito yonseyo inapita pachabe. Kafunseni ana a anthu anayiwo ngati kumva boma likuvomera kuti inali mbanda, osati ngozi, kunali chabe. Mlandu suwola.

Amene amati tisiye zakale tikambe za unga ndi magetsi, sindiwayankha motalika. Tomato wa mlamu wanga uja anali unga wa ana ake.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi china, ndipo sindinachimve kwa aliyense usiku uja pa mbaula. Aphungu ambiri, a mbali zonse, ali ndi anyamata awo. Pa chisankho chachibwereza amene amayenda kutsogolo kwa galimoto la kandideti si aphunzitsi kapena azibusa. Ndiye tikupempha anthu omwe ali ndi manja akuda kuti ayeze manja a anzawo. Ichi n'chifukwa chenicheni chomwe komiti yotereyi sinakhalepo, kuposa zonse zomwe zimanenedwa poyera za umodzi ndi kukhululukirana. Komabe mantha omwewo angasanduke chida. Phungu amene akudziwa kuti chisankho chikatha adzakhala pa mpando wa mboni, pa wailesi, akufunsidwa ndi mdani wake kuti mabasi aja analipira ndani, adzaganiza kawiri asanatumize ndalama ya mowa. Pulezidenti amene akudziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa zomwe anachita telefoni itamufikira kuti ku Kanyama kwafa anthu, adzaimbira mkulu wa apolisi usiku womwewo. N'chifukwa chake lamuloli liyenera kuikidwa tsopano, lisanadziwike kuti wotsatira kupuma ndani, ndipo ligwire amene ali pampando lero mofanana ndi amene adzabwere. Akalikana amene akulamula, tidzadziwa kuti nawonso ali ndi kabuku kawo ka mayina.

Amalume ankaopa kuti mtsogoleri woopa kufunsidwa adzakakamira mpando. Chiluba anayesa kufuna teremu yachitatu mu 2001 chitetezo chake chisanakhudzidwe n'komwe, ndipo amene anamuletsa ndi mipingo, maloya, mabungwe ndi aphungu a chipani chake chomwe. Kaunda mu 1991, Rupiah Banda mu 2011 ndi Lungu mu 2021 anapereka mpando atagonja, awiri omalizawo akudziwa bwino zomwe zinagwera anzawo akale. Kusintha Gawo 98 kumafuna aphungu ochuluka ndipo kungatenge zaka, koma kukhazikitsa komiti yomva umboni sikufuna kuchotsa chitetezo cha munthu aliyense, chifukwa komiti si khoti. Aphungu angathe kuikamo m'malamulo a kayendetsedwe ka Nyumba yawo pa msonkhano umodzi. Wofuna voti yanga akadzagogoda pa geti ndi chitenje m'manja, ndidzamufunsa ngati angakweze dzanja pa chimenechi, ndipo ndidzamufunsa anyamata ake ali pomwepo akumva.